Kodi Wobwerera M'mbuyo Walephera?

Pali khalidwe limodzi limene ife tonse tilitama, akuru ndi ana omwe, ndilo kupirira. Timtama mlimi wosatopa ndi khasu, timtama mai wolera ana amasiye, timtama mphunzitsi wokhala zaka zambiri pamudzi wa anthu ouma mtima osacokapo. Ndipo ticita bwino potero. Koma kupirira kuli ndi mbale wace wofanana naye nkhope, wobvala zobvala zace, woyenda mayendedwe ace, kotero kuti anthu ambiri akakomana naye pabwalo amlonjera ndi dzina la mbale waceyo. Dzina lace leni leni ndiye Liuma. Kupirira kufikitsa munthu kumene alinkumka. Liuma limgwetsa m'dzenje, ndi kugwetsamo ena pamodzi naye. Tsono funso lathu mwezi uno ndi ili: kodi awiriwa tidzawasiyanitsa bwanji? Ndipo makamaka, munthu amene anayamba ulendo wobvuta, nabwerera panjira, kodi tinene kuti walephera?

Yankho tidzalifuna kumalo kumene ena a inu mudzazizwa nako, ndiko ku masewera ena akale a pa kompyuta, amene anapangidwa ku America. Makolo athu sanacita manyazi kuphunzira nzeru kwa kalulu ndi kwa kamba m'nthano za madzulo. Cotero ifenso tisacite manyazi kutola phunziro m'masewera, ngati phunzirolo liri loona.

M'caka ca 1981 anyamata awiri, Andrew Greenberg ndi Robert Woodhead, amene anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Cornell m'dera la New York, anaturutsa masewera ochedwa Wizardry: Proving Grounds of the Mad Overlord. Kampani ya Sir-Tech ndiyo inawagulitsa, ndipo poyamba anaseweredwa pa kompyuta ya mtundu wa Apple II. Nthano yace njaifupi. Mfumu yina, dzina lace Trebor, inali ndi cithumwa ca mphamvu; ndipo wamatsenga wina, dzina lace Werdna, anaba cithumwaco, nakabisala naco pansi pa nthaka, kunsi kwa linga la mfumuyo. Maina awiriwa ndi nthabwala cabe: mukawerenga Robert ndi Andrew kuyambira kumapeto, mudzawapeza. Malo obisalamo Werdna ndiwo ndende yaikuru ya njira zokhotakhota, ya magawo 10 osanjikizana, lina kunsi kwa linzace. Ndipo gawo liri lonse liri ndi malo opondapo 20 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndiwo malo 400. Nchito ya wosewera ndiyo kusonkhanitsa gulu la anthu osapitirira 6, ena ankhondo, ena ansembe ociritsa, ena amatsenga, wina mbala yodziwa kumasula misampha, ndi kutsika nalo kufikira gawo lotsiriza, kukalanda cithumwaco.

Wina asadodome pakumva za zithumwa ndi matsenga. Izi nza m'nthano, monga zirombo zolankhula za m'nthano zathu. Mulibe mphamvu m'menemo, koma manambala okha owerengedwa ndi makina. Ndipo sitilemba izi kuti tikope munthu asiye munda wace nakhale pa masewera. Za ici tidzanena potsiriza. Cimene tifuna ndico kuona cifukwa cace masewerawa anamveka mbiri kuti ngobvuta, ndi khalidwe la munthu amene akhoza kuwatsiriza.

Kubvuta koyamba nkwa maso. Wosewera saona ndendeyo monga mbalame iona mudzi iri m'mwamba. Aiona monga munthu woimirira m'kati mwace, khoma ku dzanja lamanja, khoma ku dzanja lamanzere, ndi citseko patsogolo. Pa makina akale aja makomawo anali mizere yoyera cabe pa galasi lakuda, ndipo njira zonse zinafanana. Mapu panalibe. Cotero wosewera anakhala ndi pepala la mizere yopingasana ndi pensulo pambali pace, akaponda phazi limodzi, alemba, akakhota, alemba. Ndipo opanga masewerawo anachera misampha yosokeretsa wolembayo. Pali malo amdima kumene nyali siunika. Pali malo ozunguza munthu, kotero kuti ayesa alinkuyang'ana kumpoto pamene ayang'ana kumwera. Pali malo omnyamula iye osazindikira ndi kumtula kwina. Pali zitseko zolola munthu kulowa, koma akaceuka apeza khoma. Akalakwa mzere umodzi, mapu ace onse asanduka onama, mwini wace osadziwa.

Kubvuta kwaciwiri nkwa mphamvu yakutha. Munthu ali yense wa m'gulu ali ndi muyeso wa moyo wace, ndipo nkhondo iri yonse ndi zirombo za m'ndende iucepsa. Ansembe akhoza kuciritsa, amatsenga akhoza kuponya moto, koma kangapo kokha. Zikatha zatha, ndipo sizibwerera kufikira gulu litakwera kumka kulinga. Zirombo zikagonja, kawiri kawiri zisiya bokosi la cuma. Koma m'bokosimo mukhoza kukhala singano ya ululu, kapena cophulika, kapena msampha wotaya gulu lonse kumalo osadziwika. Wolasidwa ndi ululu, moyo wace ukha pang'ono pang'ono poyenda. Ndipo njira yobwerera siri yoyera iai. Zirombo zidikira momwemo monga zinadikira popita.

Kubvuta kwacitatu, ndiko koposa, nkwa imfa. M'masewera ambiri a masiku ano munthu akafa auka pomwepo nayesanso, monga ngati palibe kanthu kanacitika. M'masewera awa sikutero. Wakufa anyamulidwa ndi anzace kumka naye ku kacisi wochedwa Cant, kumene alipira ndalama zambiri kuti amuutse. Ndipo pena kuutsako kulephera, mtembo nusanduka phulusa. Akayesanso nalepheranso, munthuyo wafafanizidwa ndithu, ndipo nchito ya masabata ambiri yapita pacabe. Koma gulu lonse likafera pansi, palibe wonyamula mnzace. Mitembo itsala komweko.

Tsono taonani osewera awiri. Woyamba ndi munthu wamoto. Watsika bwino, wagonjetsa zirombo, thumba ladzala. Wansembe wace watsala ndi mciritso umodzi wokha, ndipo wankhondo wam'tsogolo wabvulala. Pamaso pace pali citseko cimene sanatsegule. Mtima wace uti, Citseko cimodzi cokha ici, ndipo ndidzabwerera. Kubwerera tsopano ndiko mantha. Atsegula, napambana, napeza bokosi. Ndipo kuseri kwace kuli citseko cina. Makolo ananena za munthu wotere kuti, Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Pa citseko cacitatu kapena cacinai akomana ndi zomposa mphamvu, ali kutali ndi makwerero, wopanda mciritso. Ndipo zonse anazisonkhanitsa tsiku lija, pamodzi ndi anthu amene anawalera masabata ambiri, zitsala mumdima. Iye pofotokozera anzace adzati, Ndinalimba mtima, koma tsoka linandigwera. Koma ife tidziwa kuti tsokalo analitsegulira yekha citseko.

Waciwiri ayenda mwa njira yina, imene poyamba ioneka ngati ya wamantha. Tsiku loyamba acoka pa makwerero mapazi owerengeka, amenya nkhondo imodzi, nabwerera. M'mawa mwace apitirira pang'ono, alemba ngondya yatsopano pa mapu, nabwereranso. Safunsa kuti, Kodi ndikhoza kupambana nkhondo yina? koma afunsa kuti, Ndikapambana, kodi nditsala ndi mphamvu yofikira kwathu? Ulendo wace auwerenga kawiri, kupita ndi kubwera. Ndipo pali lamulo limodzi la masewerawa limene liyenera kulingiriridwa bwino. Nzeru ndi mphamvu zimene munthu azipata pomenya nkhondo pansipo, sizioneka pa iye kufikira atabwerera kulinga ndi kugona m'nyumba ya alendo. M'menemo ndimo akwezedwa msinkhu, moyo wace nukula, naphunzira matsenga atsopano. Wokana kubwerera akhala wofoka monga analowera, angakhale wamenya nkhondo zambiri. Cotero m'masewera awa kubwerera ndi ciwalo ca ulendo womwewo. Ndipo wofika pa gawo la 10 ndiye amene anakwera makwerero a gawo loyamba kambiri kosawerengeka.

Apa ndipo tiona kusiyana kwa abale awiri aja. Kupirira kuyang'ana kumapeto a ulendo wonse, pamene liuma liyang'ana citseko ciri pamphuno. Wopirira alola kuti lero aoneke wocepa, malinga nchito itsirizike. Waliuma alola kuti nchito yonse ionongeke, malinga iye asaoneke wocepa lero. Wina akonda nchito, winayo akonda mbiri yace.

Ndipo tisaiwale mitembo ija yotsala pansi. Masewerawa alola kuti itengedwe, koma mwa njira yowawa. Wosewera ayenera kulera gulu latsopano kuyambira paciyambi, kufikira litakula mokwanira kutsika kumene oyamba anafera. Ndipo gulu lopulumutsalo silingatsike lathunthu, anthu 6, popeza liyenera kusiya malo onyamulira akufawo. Litsika loperewera, kumalo kumene gulu lathunthu linagonja. Fanizo ili linena zoona. Munthu waliuma akonda kunena kuti, Moyo ngwanga, ndikagwa ndigwa ndekha. Koma sagwa yekha. Wokongola ngongole pamwamba pa ngongole, poyesa kuti malonda a mawa adzabweza zonse, akagwa, ndi abale ace amene agulitsa mbuzi zao. Wokakamira mlandu wa malire a munda, naukweza bwalo ndi bwalo cifukwa ca manyazi a kugonja, asiyira ana ace udani umene iwo sanaubzala. Wodwala wokana kumka kucipatala kufikira atatsiriza kukolola, anyamulidwa usiku ndi anthu amene akadagona. Ndipo uja anamka kutali kukafuna nchito, zinthu zosamuyendera, nacita manyazi kubwera kwao cimanjamanja, namati, Caka cimodzi cokha, caka cimodzi cokha, kufikira asanduka mchona, mkazi wace ndi ana ace ndiwo alipira mtengo wa manyazi ace. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma munthu wa manyazi akokera banja lonse kuunako.

Koma wina wodziwa Malembo adzatiimika, nadzati, Kodi simuphunzitsa anthu ulesi? Kodi sitinamva za wolima amene maso ace ali kumbuyo, ndi za mkazi wa Loti amene anaceuka? Funso ili nlolemera, ndipo tisalipeputse. Tiyankha kuti pali kubwerera kwa mapazi, palinso kubwerera kwa mtima. Mkazi wa Loti mapazi ace analikumka kutsogolo, koma mtima unatsala m'mudzi umene anaturukamo. Wosewera wathu waciwiri mapazi ace akwera kulinga, koma mtima uli pa gawo la 10. Pogona alingirira ngondya imene sanailembe, ndipo kukaca atsikanso. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Ndipo Malembo omwewo atikumbutsa za womanga nsanja, kuti ayambe wayesa cuma cace asanakumbe maziko; atikumbutsanso za mwana wolowerera, amene nzeru yace yoyamba inali kutembenuka. Paulo anaturuka m'Damasiko usiku, atamtsitsa pa linga mumtanga, cinthu cosapatsa ulemu konse. Koma ndani adzanena kuti analephera? Akadakhala, kuti anthu amtame kulimba mtima, maulendo ace onse a m'tsogolo akadathera pa cipata ca mudzi umenewo.

Komatu mnzathu wotsutsayo ali ndi coonadi cina m'mau ace, ndipo masewera omwewo acibvomereza. Pa gawo loyamba pali cipinda cimene mukhala mzukwa wochedwa Murphy's Ghost. Mzukwa uwu subvulaza kwambiri, koma upatsa mphotho yabwino kwa ougonjetsa. Ndipo munthu akaugonjetsa, akhoza kubweranso ndi kuupeza ulipo. Osewera anzeru anapitako kawiri kawiri kukakulitsa gulu lao, ndipo anacita bwino. Koma taganizani munthu amene azolowera cipinda cimeneco, namenya mzukwa womwewo tsiku ndi tsiku, namati, Sindinakonzeke. Ndidzatsika ndikakula pang'ono. Gulu lace lilimba, palibe wakufa. Koma mapu ace sakula, anthu ace akalamba, pakuti masewerawa awerenga ndi zaka zao zomwe, ndipo Werdna akhala mumtendere ndi cithumwa cace. Uyu acha ulesi wace kucenjera, monga mnzace uja anacha liuma lace kulimba mtima. Timdziwa munthu wotere. Ndiye amene zaka zambiri anena kuti adzayanjana ndi mbale wace mtima ukazizira. Ndiye amene adzatumiza mwana kusukulu caka camawa, zokolola zikacuruka. Cotero cizindikiro ca kubwerera kwabwino ndi ici: kuti wobwererayo atsikanso, ndipo atsika kupyola pamene analekera.

Palinso munthu wacitatu, amene safuna kudikira, safunanso kubvutika, koma afuna njira yacidule. M'masewera oyamba aja a pa Apple II munali colakwa cimene olemba sanaciona. Munthu ali yense anali ndi malo 8 osungiramo katundu. Koma wosewera akauza bishopu wa m'gulu lace kuti azindikire katundu wa pa malo a 9, amene kunalibe, makina anasokonezeka, nampatsa bishopuyo mphotho yaikuru imene sanaigwirira nchito. Mbiri ya ici inawanda, ndipo ena anakondwa nayo. Koma mphamvu yobwera m'kamphindi silemba mapu. Wotere anali ndi dzanja la cimphona ndi nzeru za khanda. Malo ozunguza anamzunguzabe, ndipo angakhale anafika kumapeto, ulendo umene anautsiriza si umene anzace anauyenda. Fulumira anadya gaga.

Nanga munthu adzadziwa bwanji, ali pakati pa nchito yobvuta, ngati liu lomuuza kuti, Pitirira, ndi la kupirira kapena la liuma. Ndi ngati liu lomuuza kuti, Bwerera, ndi la nzeru kapena la ulesi? Tiona zoyesera zitatu.

Coyamba ndico kuwerenga. Wopirira adziwa zimene zamtsalira, miciritso ingati, mapazi angati kufikira makwerero. Waliuma sakonda kuwerenga, pakuti aopa cimene manambala adzamuuza. Wangongole uja sadziwa bwino cimene akongola, ndipo safuna kudziwa. Waulesi nayenso sawerenga, pakuti akawerenga adzapeza kuti mphamvu yotsikira anali nayo kale. Cotero tikaona kuti mtima ukana kukhala pansi ndi kuwerenga, tidziwe kuti pali cimene ubisa.

Caciwiri ndico kulemba zoona. Wosewera wabwino akapeza khoma pamene mapu ace anena kuti pali njira, sakangana ndi khoma, sanenanso kuti makina amuda. Afafaniza nchito ya madzulo onse, nayambanso pamene adziwa bwino. Kufafanizako kuwawa, pakuti pepalalo analilemba ndi dzanja lace; koma mapu onama apha msanga koposa kusowa mapu. Momwemonso maganizo amene munthu ali nao pa malonda ace, pa mlandu wace, pa nthenda yace, ndiwo mapu. Ndipo zocitika ndizo khoma. Wopirira akonza mapu. Waliuma agunda mutu pa khoma, nacha mabala ace umboni wa cikhulupiriro.

Cacitatu ndico kumvera ena. M'gulu la anthu 6, atatu okha am'tsogolo ndiwo amenya ndi lupanga. Am'mbuyo kawiri kawiri ngofoka thupi, koma popanda iwo palibe woponya moto, palibe womasula msampha. Ndipo nthawi yobwerera inenedwa ndi wotopa wa m'gulu: wansembe akatha mphamvu, ulendo watha, angakhale wankhondo akali wolimba. Mwini banja, mkuru wa mpingo, nyakwawa ya mudzi, asayese mtunda ndi miyendo yace yokha, koma ayang'ane amene alinkumtsata. Ndipo asacite manyazi kufunsa. M'caka ca 1987 anaturuka masewera acinai a banja lomweli, The Return of Werdna, amene Roe Adams anawakonza, ndipo ambiri awayesa amodzi a obvuta koposa a mtundu wao. M'menemo wosewera ayamba ali wotsekeredwa m'kacipinda ka pansi peni peni, kamene citseko cace ncobisika. Opanga anadziwa kuti ambiri adzakodwa pomwepo, cotero anaika m'bokosi logulitsira envulopu yomata, m'mene munali yankho la mwambi woyambawo. Angakhale iwo amene anakonza kubvutako sanayesa kufunsa cinthu ca manyazi. Safunsa anadya phula.

Tsono tibwerere kwa wosewera wathu waciwiri, tione matsiriziro ace. Atatha masabata kapena miyezi, afika pa gawo la 10, napyola alonda ace, nalowa m'cipinda ca Werdna, amene azingidwa ndi mizukwa yokhoza kulanda munthu msinkhu umene anaupata ndi thukuta. Akapambana, atenga cithumwa. Koma taonani, masewera sanathe. Cithumwaco ciyenera kufika kulinga, kwa mwini wace. Wocigwira m'dzanja ali pansipo sanatsirize kanthu. Kutsiriza kwace kwa ulendo wonse ndiko kubwerera kumodzi kwina, ndipo iye amene anaphunzira kubwerera tsiku loyamba ndiye adziwa kucita ici tsiku lotsiriza. Mphotho yace njaing'ono: mfumu ilandira gululo m'gulu la alonda ace aulemu, ndipo pa dzina la munthu ali yense paikidwa kacizindikiro. Sikadyedwa, sikagula mcere.

Cifukwa cace wina adzafunsa, ndipo afunsa bwino, Nanga miyezi yonseyo inapindulanji? Masewerawa sanafe, anakondedwa kwambiri ku Japan, ndipo m'caka ca 2024 kampani ya Digital Eclipse inawaturutsanso ndi zithunzi zatsopano, nilola wosewera asankhe malamulo akale ouma kapena ena ofewerapo. Cotero funsoli liyenera kuyankhidwa. Tinena kuti kusewera sikuli koipa, monga bawo la pansi pa mtengo siliri loipa. Ndipo munthu amene waphunzira m'menemo kudekha, kuwerenga, ndi kukonza mapu ace, watola cinthu ca mtengo. Koma lamulo la m'ndende ligwiranso wokhala pa mpando. Masewera eni ace ndiwo citseko. Usiku ukapita, ndipo mtima uti, Ulendo umodzi wokha, pamene m'mawa kuli nchito, ana adikira atate wao, ndi Sabata layandikira, pamenepo wosewerayo aima pa citseko comwe cija cinapha gulu loyamba. Akazima makina nakagona, wamva phunziro. Akapitirira, angakhale adzatenge cithumwa ca Werdna, wasanduka munthu woyamba uja m'nyumba mwace mweni mweni.

Pali cinthu cimodzi cotsala, ndipo ncokhudza mpingo wonse. Liuma silimera lokha. Lithiriridwa ndi kuseka kwa anthu. Mchona sabwera cifukwa adziwa mau amene adzanenedwa pa citsime. Wamlandu saleka cifukwa aopa kuti adzamnena wamantha. Wamalonda sabvomera kuti wagwa cifukwa waona m'mene mnzace anamsekera pamsika. Ndende ija ikadakhala yopanda linga pamwamba pace, yopanda nyumba ya alendo, palibe mmodzi akadaitsiriza. Pakuti munthu sabwerera kumene kulibe womlandira. Cotero mbale akabwera kwa ife atatula katundu wocuruka, kapena atasiya mlandu, kapena atacoka kutali wopanda kanthu m'manja, tisathamange kumwerengera zimene analephera. Timpatse mpando ndi madzi, timlole agone, timthandize kuwerenga zomtsalira ndi kukonza mapu ace. Ndipo akapuma, tisamnyengerere akhale cikhalire m'cipinda ca mzukwa wosabvulaza. Timperekeze ku makwerero, nitimuuze kuti, Tsikanso, mbale, ndipo ukatopa ubwere, khomo liri lotseguka.

Kodi tsono wobwerera m'mbuyo walephera? Sitingadziwe pa tsiku lobweralo, ndipo tisaweruze msanga. Tidzadziwa m'mawa mwace, pamene tidzaona ngati atola pensulo ndi pepala lace, nayang'ananso ku makwerero.